Mmene a Buleki Anatisankhira Dokotala wa Mano

Bambo anga anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka makumi atatu, ndipo m'zaka zonsezo phazi lawo lakumanja silinapumepo. Galimoto imene ankaphunzitsira inali yaing'ono, yoyera, ya mabuleki awiri, imodzi ya wophunzira, ina yawo. Phazilo linazolowera kwambiri moti linkaponda buleki ngakhale pamalo popanda buleki. M'basi, dalaivala akafika pakona ali paliwiro, munkangomva phi! pansi. Kutchalitchi, mlaliki akayamba kuthamanga ndi mawu, phi! Patebulo, amayi akatsala pang'ono kudzazitsa kapu ya tiyi, phi! ndipo kawirikawiri chopondedwacho chinkakhala chala cha munthu wina kapena mchira wa mphaka. N'chifukwa chake aliyense ankawatchula kuti a Buleki. Dzina lawo lenileni linkangopezeka pamakalata.

Kwa iwo munthu ankadziwika ndi kayendetsedwe kake, basi. Anasiya kugula nyama kwa munthu amene tinkagulako zaka zambiri chifukwa tsiku lina anamuona akukhota osayatsa indiketa.

“Munthu wosachenjeza anzake pokhota,” anatero, “angakuuze zoona pa sikelo?”

Ankakana kwamtuwagalu zoti amakalipira ophunzira. “Ine sindikalipa, ndimangofotokoza mokweza chifukwa injini imasokosera.” Chodabwitsa n'chakuti injini ikazima, mawuwo ankakhala okwera chimodzimodzi.

Mwa ophunzira onse amene anadutsa m'manja mwawo, panali mmodzi amene nkhani yake tinkaimva patebulo pafupifupi sabata iliyonse, ngakhale inachitika ine ndisanayambe sukulu. Dzina lake sitinkalidziwa, kwathu anali Mtsikana wa Geti. Mtsikanayu anagunda geti la kuntchito kwa bambo katatu. Koyamba anagunda akutuluka. Kachiwiri anagunda akulowa. Kachitatu bambo anali atamuuza kuti asakhudze chilichonse, angokhala phee, iwo akatenge chipewa mu ofesi. Pobwera anapeza galimoto ili m'geti, geti lili pagalimoto, mlonda ali pamwamba pa mpanda.

“Ndinamuuza mosabisa,” bambo ankamaliza choncho, akuloza ndi supuni. “Ndinati, mwana iwe, manja akowa ndi odyera basi. Usadzagwire nawo chinthu chamoyo.”

Mtsikanayo akuti anatsika akulira ndipo sanabwerenso. Ife ana tinkaseka mpaka misozi. Amayi okha ndi amene sankaseka. Ankangoti, “Mwana wa eni ake,” n'kupitiriza kudya.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mano a m'nyumba mwathu anachita ngati apangana. Mng'ono wanga, amene tonse tinkangomuitana kuti Mzime chifukwa ndiye anali womaliza, dzino lake linabooka. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo akalira ankamveka mpaka nyumba yachitatu. Amayi nkhama zinkatuluka magazi akamatsuka m'kamwa. Ine dzino lina linayamba kumera pamwamba pa linzake ngati lasowa malo. Dokotala wa mano tinalibe, chifukwa bambo ankati mano ali ngati matayala, ukamayenda bwino satha.

Amayi ankasoka makatani m'kachipinda kakumaso, ndipo sankakonda kubwereza mawu. Tsiku lina pa chakudya cham'mawa anaika kapu pansi.

“Bambo a ana, tipeze dokotala mmodzi wotiona tonse, woti azidziwa m'kamwa mwathu ngati mmene inu mumaidziwira galimoto yanu. Ndatopa n'kumwetsa mwana mapilitsi.”

“Zimenezo ndisiyireni,” anatero bambo. “Kusankha anthu ndi ntchito yanga.”

“Ndipo nanunso akakuoneni.”

“Ine? Chandivuta n'chiyani ine?”

“Mwezi wathunthu mukutafunira mbali imodzi ngati mbuzi. Tiyi mukudikira azizire, madzi mukudikira afunde.”

“Ndikupumitsa mbali inayo,” anayankha bambo, n'kunyamuka msangamsanga.

Sukulu zinali zitatsekera, ndiye anandisankha kuti ndikhale mlembi wawo. Anandipatsa kope ndi cholembera. Ine ndinkaganiza kuti tizilowa m'zipatala, kufunsa mafunso, kuona ukhondo. Ayi ndithu. Tinkanyamuka m'mawa, kukaimika galimoto tsidya lina la msewu, n'kumadikira kuti dokotala afike pantchito.

“Dokotala m'kati muja amadziwa kuti akuonedwa,” anandifotokozera. “Amavala zoyera, amamwetulira. Koma poimika galimoto amaganiza kuti ali yekha. Pamenepo ndi pamene pamaonekera mtima wa munthu.”

Dokotala woyamba anafika pa chigalimoto chakuda, anakhotera pachipatala osayatsa indiketa, n'kuima chopingasa, kudya malo a anthu awiri.

“Waona?” anatero bambo. “Ameneyo iwe ukadwala la kumanja, azula la kumanzere, osakuuzanso. Lemba kuti ayi.”

Wachiwiri tinamudikira mpaka dzuwa linakwera. Bambo atapita kukafunsa mlonda, anamva kuti adokotala alowa kalekale, amabwera wapansi chifukwa amakhala pafupi. Bambo anabwerera m'galimoto nkhope ili gwa.

“Akubisa chinachake. Lemba kuti ayi.”

“Mwina amangokonda kuyenda, bambo.”

“Palibe munthu amakonda kuyenda. Lemba.”

Wachitatu ndiye anawagwira mtima. Anafika mwakachetechete, anayatsa indiketa kudakali kutali, anayang'ana galasi ili, anayang'ana ilo, n'kulowa chambuyo pakati pa magalimoto awiri kamodzi n'kamodzi, osabwereza. Bambo anatsika, anawoloka msewu, anakayeza ndi phazi mpata wa mbali zonse ziwiri. Pobwera maso awo anali atalengeza misozi.

“Mwana wanga, tamupeza.”

Mawa lake tinapita banja lonse. Chipatalacho chinali chokongola, ndisaname. Zitseko zagalasi, mphepo yozizira, nsomba zofiira zikusambira m'bokosi lagalasi pakona. Tinadikira maola awiri, nsombazo mpaka tinazipatsa mayina. Titalowa, dokotalayo sanatipatse moni. Anayang'ana wotchi, kenako Mzime.

“Tsegula.”

Mzime anatsegula pang'ono. Dokotala anasuzumira ndi kagalasi kake kanthawi kosakwana kuphethira kawiri.

“Atatu awa achoke.”

“Atatu?” anatero amayi. “Limene likupweteka ndi limodzi.”

“Mayi, dokotala ndi ndani pano?”

Asanamalize n'komwe, analowetsa chala m'kamwa mwa mwana osamuuza kanthu. Mzime, amene chibadwire anali asanalumepo munthu wina aliyense kupatula ine, anatseka. Dokotalayo anakuwa mawu amene sindinkayembekezera kuwamva kwa munthu wophunzira. Amayi ananyamula chikwama, anagwira mwana padzanja, n'kutuluka osatsanzika.

Tinakwera galimoto. Titadutsa misewu iwiri, bambo anatsokomola.

“Komabe mukanaona mmene amalowera chambuyo.”

Amayi anatembenuzira nkhope kuwindo. Anangoyang'ana kunja mpaka tinafika, ndipo kunyumba tonse tinkadziwa kuti chete wa amayi ndi woopsa kuposa phokoso la bambo.

Sabata imeneyo amayi anachita kafukufuku wawo. Pokapachika makatani m'nyumba za anthu, ali pamwamba pa mpando, mapini ali pakamwa, ankafunsa eni nyumba kuti ana awo amawatengera kuti mano akavuta, ndipo anawo akabwerako amalira masiku angati. Azimayi atatu osadziwana anatchula malo amodzi, kachipatala kena kapamwamba pa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Lachinayi, bambo ali kuntchito, tinakwera basi.

Masitepe ake anali opanikiza, onunkhira penti. Pamwamba panali benchi imodzi, madzi akumwa, ndi khoma lodzaza zithunzi zojambula ana ndi makrayoni, zambiri za mano okhala ndi miyendo. Adokotala anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, atavala kansalu kotseka mphuno ndi pakamwa. Anasamba m'manja ife tikuona. Kenako anakoka mpando n'kukhala kuti maso awo afanane ndi a Mzime.

“Ndamva kuti umaluma,” anatero.

Mzime anagwedeza mutu kuvomera.

“Chabwino. Nanenso ndikanaluma. Tiye tigwirizane. Ndikuonetsa zida zanga zonse, ndipo palibe chimene chilowe m'kamwa mwako usanachione. Aka ndi kagalasi. Aka kamapemerera mphepo, bweretsa dzanja umve. Aka kamalira kwambiri koma n'kamantha. Ukafuna kuti ndiime, ungokweza dzanja, ndiima.”

Mzime anakweza dzanja kakhumi ndi kamodzi, kangapo konse kungofuna kuona ngati n'zoona. Adokotala anaima kakhumi ndi kamodzi. Dzino lija silinazulidwe, analiyeretsa n'kulimata, ndipo ena awiri aja anati alibe mlandu. Amayi anawatsuka m'nkhama n'kuwaonetsa kagwiridwe ka mswachi, zimene amayi anazilandira modzichepetsa ngati mwana wa sukulu. Ine anandiuza kuti dzino langa losowa malo tiliyang'anire miyezi itatu tisanaliweruze.

Polemba khadi la banja lathu, adokotala anafika pa dzina la bambo n'kuima.

“Bambo akunyumba amagwira ntchito yanji?”

“Amaphunzitsa galimoto,” anatero amayi.

“Oo.” Pakamwa sitinkapaona, koma maso awo anachepa ngati a munthu amene akuseka. “Nawonso adzabwere. Ndidzawalandira bwino kwambiri.”

Madzulo Mzime anadya nyama mbali zonse ziwiri, akuonetsa aliyense pamene amata. Bambo anamvetsera nkhani yonse, manja ali pachifuwa, n'kufunsa funso limodzi.

“Amayendetsa galimoto yanji?”

“Sitinaone.”

“Simunaone! Mwapereka mwana kwa munthu amene simunamuone akuyendetsa?”

M'mawa mwake ine ndi bambo tinali tsidya lina la sitolo ya penti, kope lili pamiyendo. Galimotoyo tinaimva isanaoneke. Magiya ankalira ngati wina akupera miyala. Kenako inatulukira, kagalimoto kobiriwira, kophwanyika makona onse anayi mofanana, ngati anachita kuyeza. Kanayesa kulowa pamalo pake, kanalephera. Kanabwerera, kanazima. Kanalira, kanadumpha, kanagwetsa bini ya zinyalala. Anthu a m'sitolo ya penti sanatembenuke n'komwe, mmodzi anangotuluka, kudzutsa bini, n'kubwerera, kusonyeza kuti ndi za tsiku ndi tsiku. Ulendo wachisanu kanaima, tayala limodzi lili pamwamba pa njira ya oyenda pansi. Nthawi yonseyi phazi la bambo linali phi! phi! phi! mpaka galimoto yathu inkagwedera. Nkhope ya woyendetsayo sanaiyang'ane n'komwe, maso awo anali pa tayala lija.

“Lemba kuti ayi,” anatero ndi mawu otsika. “Ulembe ndi zilembo zazikulu.”

Amayi atamva, sanasiye n'kusoka komwe.

“Ife tapeza wathu. Inu pitirizani kufufuza.”

Anapitirizadi, koma dzino nalo linapitiriza. Anayesa madzi amchere. Anayesa kuika adyo, moti wophunzira wina anapempha kuti aziyenda mawindo onse ali otsegula. Mnzawo wina wokonza magalimoto anawapatsa kabotolo ka mafuta a buleki kuti adonthezerepo, akuti dzino limafa lokha. Mwamwayi amayi anakapeza m'thumba la jekete pochapa.

“Izi n'chiyani?”

“Za galimoto.”

“Nanga thonjeli? Galimoto yanu ili ndi bala?”

Kabotoloko sikanaonekenso. Patapita masiku atatu tsaya la bambo linatupa ngati abisamo dzira. Anthu akafunsa ankati yawaluma njuchi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati njuchi imeneyo ndi yokhulupirika, ikumabwera tsiku lililonse pamalo omwewo.

Chimene chinawagonjetsa sichinali ululu. Lolemba lotsatira anali ndi wophunzira wina, bambo wonenepa wogulitsa mipando, amene anali atatha miyezi iwiri osasiyanitsa giya yoyamba ndi yachitatu. Tsiku limenelo nsagwada za bambo zinali zitauma moti pakamwa pankangotseguka mpata wolowa supuni yaing'ono. Wogulitsa mipando uja anazimitsa galimoto pakati pa mphambano. Bambo chete. Pofuna kukhota anayatsa zopukutira galasi m'malo mwa indiketa. Bambo chete. Anakwera m'mbali mwa msewu, anabalalitsa nkhuku za eni, anatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Bambo anangoponda buleki, misozi ili chuchuchu, mawu osatuluka. Atabwerera, wophunzirayo anatsika akumwetulira, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

“Aphunzitsi, lero ndiye ndayendetsa bwino eti? Simunanene kanthu ngakhale kamodzi. Mpaka mwalira ndi chimwemwe.”

Masana omwewo bambo anabwera kunyumba, zimene sankachita. Anaima pakhomo pa kachipinda kosokera, chipewa chili m'manja, n'kulankhula mano ali okukuta.

“Mayi a ana. Tiyeni.”

“Kuti?”

“Kwa wa bini uja.”

Ine sanandiitane, koma zoterezi sindikanalola kuti ndizimve kwa ena. Ndinalowa m'galimoto n'kukhala pampando wakumbuyo.

Bambo anakwera masitepe aja ngati akupita kukaweruzidwa. Pabenchi panali kamtsikana ka zaka zisanu, kamene kanawayang'ana tsaya kwa nthawi yaitali kenako n'kuwauza kuti asaope, amangofunika kukweza dzanja. Dzina lawo litaitanidwa, amayi analowa nawo, ine ndinaima pachitseko.

“Takulandirani, aphunzitsi,” anatero adokotala, kansalu kaja kali kumaso. “Khalani apa.”

Bambo sanadabwe. Theka la anthu oyenda pamsewu ankawapatsa moni choncho. Anakhala pampando, adokotala anaponda kachitsulo pansi, mpando unayamba kugona chagada pang'onopang'ono mpaka mapazi a bambo anali m'mwamba. Anawamangirira kansalu pakhosi, anayatsa nyale. Atatero ndi pamene anatsitsa kansalu kakumaso kaja.

“Aphunzitsi, geti lija munalikonza?”

Ndinaona phazi la bambo likuponda mphepo. Linaponda katatu, osapeza kanthu. Maso awo anapita kwa adokotala, kwa amayi, kuchitseko, n'kubwereranso kwa adokotala. Amayi anagwira pakamwa. Ine ndinatsamira khoma.

“Ndiwe… ndinu…”

“Ndine ndemwe.”

Bambo anayesa kudzuka, koma mpando wa dokotala wa mano sudzukika mwaulemu. Anangogwedezeka ngati kachilombo kogwa chagada.

“Ndangokumbukira kuti ndili ndi wophunzira,” anatero.

“Mulibe,” anatero amayi.

“Dzinolinso lasiya.”

“Tsaya lokha ndi limene silinamve kuti lasiya,” anatero adokotala, akuvala magolovesi. “Khalani bwino, aphunzitsi. Masulani mapewa. Musagwire mpando mwamphamvu choncho, sukuthawa. Yang'anani kutsogolo. Pumani.”

Ndinazindikira kuti amenewo ndi mawu a bambo enieni, amene ankauza wophunzira aliyense tsiku loyamba, kungoti apa ankanenedwa motsitsa. Bambo nawonso anawazindikira. Anatseka maso.

Adokotala sanafulumire. Anawasisita nsagwada mpaka pakamwa panatseguka mokwanira, anajambula dzinolo, n'kuwaonetsa chithunzi chake pa nyale.

“Ili ndi dzino lanu. Apa pakuda ndi pamene pawola, ndipo zafika kumuzu. Mukanabwera miyezi itatu yapitayo ndikanalimata ngati la mwana wanu. Pano liyenera kuchoka. Ndikubayani jakisoni kuti pachite dzanzi, mumva ngati kulumidwa ndi nyerere. Mukafuna ndiime, kwezani dzanja.”

Dzanja la bambo linakwera nthawi yomweyo.

“Sindinayambe, aphunzitsi.”

“Ndimayesa ngati ikugwira,” anatero bambo.

Zimene ndinaona kenako sindidzaziiwala. Manja amene tinkawaseka patebulo zaka zonse zija anali odekha ngati a munthu wolowetsa ulusi m'singano. Sananjenjemere, sanasakesake chida. Amayi, amene amadziwa ntchito ya manja, anasendera pafupi kuti aonetsetse, ndipo ndinawaona akugwedeza mutu ngati mmene amachitira akaona msoko wowongoka. Adokotala ankanena chilichonse asanachichite. Tsopano mumva kukankha. Tsopano mumva kaphokoso, si fupa lanu, musaope. Bambo anali atafinya maso, zala zitakanirira pampando, thukuta lili kamukamu.

Patapita kanthawi analankhula movutikira, pakamwa pali yasa.

“Mwayamba?”

“Ndamaliza. Lumani thonjeli.”

Bambo anatsegula diso limodzi. Dzino linali m'kambale kachitsulo, lalikulu, la mizu itatu yokhota. Analiyang'ana, anayang'ana manja a adokotala, n'kuliyang'ananso.

Adokotala anadzutsa mpando, anavula magolovesi, n'kukhala pakampando kawo. Kuseka kuja kunali kutachoka m'maso.

“Aphunzitsi, poti simungayankhe kwa mphindi makumi awiri, ndiloleni ndinene kanthu. Geti lija ndinagundadi, katatu konse, sindikana. Ndinkakuopani kwambiri moti mukangokweza mawu, mapazi anga ankaiwalana. Koma mawu amene munandiuza tsiku lomaliza aja anandipweteka. Ndinayenda nawo zaka. Tsiku loyamba kugwira chozulira mano kusukulu, ndinawamva m'khutu, manja ananjenjemera sabata yathunthu, ndinatsala pang'ono kusiya. Amene anandithandiza ndi mphunzitsi wina wachikulire amene ankangoima pambali panga osanena kanthu mpaka nditamaliza. Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi pamaso pa banja lanu. Ndimangofuna mudziwe.”

Bambo anayang'ana pansi nthawi yaitali. Ndinali ndisanawaonepo nkhope yotero, yotupa mbali imodzi, yamanyazi mbali inayo. Kenako anang'ung'udza kanthu kudzera m'thonje.

“Akuti chiyani?” anafunsa adokotala.

“Akuti pepani,” anatero amayi. “Akuti analakwa kwambiri.”

Bambo anagwedeza mutu kuvomera. Anagwira dzanja la adokotala ndi manja awo onse awiri, n'kuligwedeza pang'onopang'ono. Atatero anang'ung'udzanso, ulendo uno motalikirapo, akuloza kuwindo.

“Nanga pano akuti chiyani?”

Amayi anapumira m'mwamba.

“Akuti tayala lanu lakumbuyo lili panjira ya oyenda pansi.”

Adokotala anaseka mpaka anagwira tebulo. Anatiuza kuti laisensi anaipeza ulendo wachisanu ndi chiwiri, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti woyesayo anangotopa nawo. Kenako anatulutsa makiyi m'thumba la chovala chawo choyera n'kuwapatsa bambo. Bambo anatsika masitepe thonje lili m'kamwa, kansalu kakadali pakhosi, anakalowa m'kagalimoto kobiriwira kaja n'kukaimika bwinobwino kamodzi n'kamodzi. Anthu a m'sitolo ya penti anatuluka kudzaonerera. Mmodzi anaomba m'manja.

Kuyambira pamenepo adokotala aja anakhala a banja lathu. Dzino langa losowa malo analiwongola, Mzime anakula osaopa mpando uja, ndipo ana anga pano amapita komweko, zithunzi zawo zili pakhoma lija. Bambo ankapita miyezi isanu ndi umodzi iliyonse osakakamizidwa, ndipo ankafika mofulumira dala. Akangoima pansi pa windo n'kutsokomola, makiyi ankagwa kuchokera pamwamba. Anadziperekapo kangapo kuti awaphunzitsenso kuyendetsa kwaulere, koma adokotala ankayankha mwaulemu kuti ubale wawo uli bwino mmene ulilimu.

Kwa anzawo bambo ankanena kuti dokotala ameneyu anamupeza okha atafufuza mozama. Amayi akamva ankangopitiriza kusoka. Nkhani ya geti sinamvekenso patebulo pathu, ndipo tsiku lina Mzime ataiyambitsa, bambo anamudula kuti geti lija linali lopapatiza kuyambira kale, aliyense akanatha kuligunda.

Kukalipa anasiya kwa masabata awiri athunthu. Ophunzira anasokonezeka, wina mpaka anafunsa ku ofesi ngati aphunzitsi alandira uthenga wa maliro. Sabata yachitatu mawu anabwerera, koma anali atasintha pang'ono. Ankakalipira phazi, giya, galasi, ngakhale makolo a amene anapanga msewu, koma sindinamvenso kuti auza munthu zimene sadzatha m'moyo wake.

Dzino lija anapempha kuti alitenge. Adokotala analitsuka n'kuliika m'kaenvelopu, ndipo bambo analiponya m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, mmene munkakhala mapepala, n'kuliiwala. Patapita miyezi ingapo wogulitsa mipando uja, amene anali akadaphunzirabe, anatsegula kabokosiko kufuna cholembera. Envelopu inatseguka, dzino linagwera pamwendo pake, mizu itatu ili m'mwamba.

“Aphunzitsi,” anatero, “ili ndi la ndani?”

Bambo analiyang'ana, anamuyang'ana iyeyo, n'kumanga lamba wawo modekha.

“La wophunzira wina amene sankayang'ana pagalasi. Lizani galimoto tizipita.”

Wogulitsa mipandoyo anakhoza mayeso a galimoto mwezi womwewo.